Mliri unayeretsa mpweya m'mizinda yakutali, koma fumbi la ku Moatize linatsala

M'chaka cha 2020, pamene maiko ambiri analamula anthu kukhala m'nyumba chifukwa cha mliri wa Covid-19, mpweya wa m'mizinda ikuluikulu unayera m'masabata ochepa okha. Ku Wuhan m'dziko la China ndi ku Delhi m'dziko la India utsi unachepa kwambiri, ndipo anthu a mumzinda wa Jalandhar anaona mapiri a Himalaya amene kwa zaka zambiri anali obisika ndi utsi. Chifukwa chake n'chakuti utsi wambiri wa kumeneko umachokera ku magalimoto ndi mafakitale, ndipo zimenezi zinaima.

Ku Mozambique nako, Pulezidenti Filipe Nyusi anakhazikitsa malamulo apadera kuyambira pa 1 Epulo 2020. Sukulu zinali zitatsekedwa kale, misonkhano inaletsedwa ndipo okwera chapa anachepetsedwa. Pachipata cha Zóbuè apaulendo anachepa, koma malole a katundu opita ku Mwanza m'dziko la Malawi anapitiriza kudutsa pamsewu wa N7.

Nanga ku Moatize zinathandiza chiyani? Vuto la kumeneko si kuchuluka kwa magalimoto ai, koma fumbi la malasha. Kampani ya Vale inayamba kukumba m'chaka cha 2011, ndipo mgodiwo ndi dzenje lapamtunda loyandikana ndi nyumba za anthu. Akaphulitsa miyala, mphepo imatenga fumbi lakuda n'kukalithira pa ufa woyanikidwa, pa zovala ndi m'madzi akumwa. Mu Okutobala 2018 anthu okwiya analowa mumgodi naimitsa ntchito chifukwa cha fumbi lomweli. Malamulo a mliri sanatseke migodi, choncho ana amene anabwezedwa kusukulu ankakhala tsiku lonse pakhomo pomwe fumbilo limagwera.

M'mizinda yakutali ija utsi unabwerera anthu atayambanso ntchito. Apa zikuoneka kuti mpweya umayera msanga gwero la utsi likaima, ndipo umadanso msanga likayambiranso.

M'chaka cha 2022 mgodi unagulidwa ndi kampani ya Vulcan, ndipo mu 2024 anthu a ku Moatize anadandaulanso za fumbi. Chofunika ndi chakuti eni mgodi azithira madzi m'misewu ndi pamilu ya malasha, aziphulitsa kutali ndi nyumba, ndipo boma liziyeza mpweya n'kuuza anthu zotsatira zake poyera.