Mwana wonyowa usana ndi usiku asamenyedwe

M'makomo ambiri, mwana akamakodzera pamphasa amalandira mkwapulo, amamanidwa madzi madzulo kapena kunyozedwa pamaso pa anzake. Zikapitirira, zala zimayamba kuloza agogo kapena azakhali kuti adamulodza. Ife tikuti makolo ayambe afufuza kaye, chifukwa ana ena vuto lawo n'lobadwa nalo.

Impso iliyonse imakhala ndi kanjira kamodzi kotsitsira mkodzo m'chikhodzodzo. Koma pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 125 alionse amabadwa ndi tinjira tiwiri pa impso imodzi. Ambiri amakalamba osadziwa n'komwe poti siziwavuta. Mavuto amadza kanjira kachiwiriko kakalambalala chikhodzodzo n'kukatulukira kunsi kwake, kapena mkodzo ukamabwerera ku impso.

Mtsikana amene kanjira kake kadalambalala chonchi amakataya madzi bwinobwino ngati anzake, koma chovala chake cham'kati sichiuma. Mkodzo umangodontha usana ndi usiku, ndipo sangaugwire ngakhale mutamukwapula chotani. Ana ena, anyamata ndi atsikana omwe, amatentha thupi pafupipafupi ndi kumva kuwawa pokodza, koma akawayeza malungo sapezeka. Matenda obwerezabwereza otere amawononga impso pang'onopang'ono.

Anthu a pa Songani ndi midzi yoyandikana ndi nyanja ya Chilwa adazolowera likodzo, moti vuto lililonse la mkodzo amaliyesa likodzo. Mankhwala a likodzo amene ana amalandira m'sukulu ndi ofunika, koma sangawongole kanjira kolakwika. Mwana akamwa koma osasintha, bwererani naye kuchipatala.

Yambirani pafupi, monga pa Domasi, ndipo mukafotokoze zonse mosabisa. Akakutumizani kuchipatala chachikulu cha Zomba, pitani kuti akamuunike impso ndi makina a sikani. Ana ofunika opaleshoni ali ndi kolowera: mu 2017 ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre kudatsegulidwa chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James. Kanjirako kakakonzedwa, atsikana ambiri amasiya kudontha.

Tikupempha azaumoyo kuti azifunsa makolo funso limodzi ili: kodi mwanayu imakhalapo nthawi imene amauma? Nawo aphunzitsi asalole kuti mwana asiye sukulu chifukwa chosekedwa fungo.

Akuluakulu adati wobisa matenda maliro adzamuulula. Ndalama yomwe mukadapereka kwa sing'anga isanduke ya thiransipoti yopitira kuchipatala.