Bulangete la majinzi si laulele, tilipire

Asisi, lero tikambe nkhani yowawa pang'ono, chifukwa olakwa ake ndife tomwe.

Juni akamayandikira, amayi osoka amatulutsa mabulangete a zigamba za majinzi. Timawaona pamakonde a sitolo ku Ndirande, ku Kawale, ngakhale pa WhatsApp. Timayamikira: "Eee, koma ndiye zokongola!" Akangotchula mtengo, nkhope yasintha: "Aaa mayi, si za kaunjika izi? Tsitsani." Ife tomwe timalemba za ufulu wa amayi tsiku ndi tsiku. Mu shopu ya m'tauni sitinenerera, timalipira mtengo wolembedwa n'kuthokoza. Kunenerera timakudziwira pa mayi mnzathu, eti?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mayiyo walawirira kumsika, kaya ku Tsoka kaya ku Limbe, kukasankha majinzi otsalira m'belo, ong'ambika pabondo, akufa zipi, oti palibe angavale. Sanatole, wagula. Bulangete limodzi la bedi lalikulu limadya majinzi oposa 10. Wawachapa ndi madzi ogula, ndipo aliyense wochapapo jinzi akudziwa kulemera kwake ikanyowa. Wadula lamba, matumba ndi misoko yokhuthala ija, chifukwa imathyola singano. Wapatula majinzi otamuka, popeza ukawasakaniza ndi olimba bulangete limakwinyika. Wadula zigamba zofanana, wasita, wasanja zakuda ndi zosuluka kuti zigwirizane, waika nsalu yofewa kunsi. Kenako kupalasa makina masiku angapo, msana uli waa. Ulusi, singano, makala, lendi ya pakhonde, zonse zochokera m'thumba mwake.

Ndiye ife tibwere ndi "si zakale izi"? Kalipentala akakhoma tebulo ndi matabwa akale timamutcha mmisiri, timamulipira. Mayi akasoka timati "akungodzithandiza". Vuto lagona pamenepo. Ntchito ya manja a mzimayi tinazolowera kuilandira ulele kunyumba, ndiye ikafika pamsika timaona ngati mtengo wake ndi chipongwe.

Izi si za kuno kokha. Ku America kuli kamudzi kotchedwa Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama. Amayi akuda a kumeneko, zidzukulu za anthu amene anali akapolo, ankasoka mabulangete ndi zovala zakumunda zotha, majinzi omwe, kuti ana asagone ndi mphepo. Kwa zaka zambiri palibe ankawalabadira. Mu 2002 mabulangete awo anaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York, mu 2006 anaikidwa pa masitampa a dzikolo. Koma mu 2007 ena mwa amayiwo anakasuma kukhoti, kudandaula kuti sakupindula moyenera ndi ntchito yawo. Kutamandidwa kunabwera, funso la ndalama linatsalabe. Mayi wa ku Kawale asadikire azungu kuti adzatiuze kuti zomwe amasoka ndi luso.

Ena ati, "zinthu zadula, tonse tikuvutika." Zoona. Koma ufa womwe wakwera kwa ife wakweranso kwa iye. Ngati ndalama sizikukwana, nenani choncho, pemphani kulipira pang'onopang'ono, kapena gulani laling'ono. Kunyoza katundu kuti atsike mtengo ndi kuba kwaulemu.

Tikupempha izi. Abale, "ndisokereni, ndinu achemwali anga" ithe, chibale sichigula ulusi. Inu ogula kwa amayiwa n'kukagulitsa pa Instagram mtengo wowirikiza, tchulani amene anasoka ndipo mugawane bwino. Mabungwe okonda kujambula amayi ali pamakina, chithunzi si malipiro, perekani dipoziti musanaitanitse katundu.

Nanunso amayi ndi atsikana osoka, lembani zonse zomwe mwagula ndi masiku omwe mwagwira, dzilipireni tsiku lililonse, kenako tchulani mtengo osachita manyazi. Mukakumana ku banki m'khonde, gwirizanani mtengo woti wina asatsike kupitirira pamenepo. Wogula akaona kuti khonde lililonse yankho ndi limodzi, asiya yekha.

Mwezi uno, ukafunsa mtengo wa bulangete la majinzi, lipira womwe wauzidwa. Ngati ulibe, thokoza, udzabwerenso.