Munthu akagwa, tisathamangire chidebe cha madzi

Anzanga, tonse timadziwa zimene zimachitika munthu akagwa pa asembule kapena pabwalo la mpira. Gulu limamuunjirira, wina akumukupiza ndi kope, wina wathamangira madzi kumjigo, wina akukuwa kuti amuike supuni mkamwa. Nthawi zambiri zimatha bwino, chifukwa mnzathuyo amakhala wangokomoka ndi njala kapena dzuwa, ndipo amatsitsimuka yekha. Koma ine ndikuti chizolowezi chimenechi tsiku lina chidzatiphetsa munthu. Pali kugwa kwina kumene madzi sathandiza, ndiko kwa mtima umene waima mwadzidzidzi.

Musaganize kuti ndi matenda a agogo okha. Okonda mpira mukukumbuka Christian Eriksen wa Denmark, amene pa 12 June 2021 anangogwa yekha akusewera ndi Finland ku Copenhagen, popanda womugunda. Achipatala anayamba kumusindikiza pachifuwa pabwalo pomwepo, kenako anamudzidzimutsa mtima ndi makina amagetsi otchedwa defibrillator. Pofika 2022 anali akusewerera Brentford. Marc-Vivien Foé wa Cameroon anagwanso chimodzimodzi mu 2003 ku Lyon, pamasewero ndi Colombia, ali ndi zaka 28. Iye sanadzukenso.

Ndiye tingasiyanitse bwanji? Mugwedezeni mapewa, muitaneni dzina mokweza. Ngati sakuyankha, yang'anani chifuwa chake kwa masekondi osapitirira 10. Wokomoka wamba amapuma bwinobwino. Ameneyo mugonekeni chammbali basi. Woima mtima sapuma, kapena amakoka mpweya mwa apo ndi apo, mobanika, ngati nsomba yovuulidwa m'madzi, mwina ngati akuliza nkonono. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika n'kumati "siuyu akupuma". Ayi ndithu, kumeneko si kupuma. Ena amaphiriphitha pang'ono akangogwa, anthu n'kuthawa ati ndi khunyu. Khunyu silipatsirana, ndipo ngakhale wakhunyu weniweniyo saikidwa supuni mkamwa; mungomuthyola mano.

Mukaona kuti sakuyankha komanso sakupuma bwino, lozani munthu mmodzi, mumutchule dzina: "Iwe, thamanga kaitane aphunzitsi, aimbe foni kuchipatala!" Mukangokuwa kuti "wina apite", aliyense amayang'ana mnzake. Mugonekeni chagada pamalo olimba, pansi pomwepo, osati pamatilesi. Gwadani pambali pake, ikani tsinde la chikhato pakati penipeni pa chifuwa, dzanja linalo pamwamba pake, zigongono zowongoka. Sindikizani mwamphamvu, chifuwa chizilowa masentimita 5 mpaka 6, kenako chisiyeni chibwerere. Muchite zimenezi ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, kapena kuti kawiri pa sekondi iliyonse. Ndi ntchito yotopetsa kuposa kusinja, choncho muzilandizana pakatha mphindi ziwiri zilizonse. Amene anaphunzira amasindikiza ka 30 n'kumuuzira mpweya mkamwa kawiri, koma ngati simukudziwa kapena mukuchita mantha, manja okha ndi okwanira. Musasiye mpaka atayamba kupuma kapena achipatala atafika.

Changu chonsechi n'chifukwa cha ubongo. Ukakhala mphindi 4 mpaka 6 osalandira magazi, umayamba kuwonongeka. Tangowerengerani nokha: kuti kabaza apezeke, munthu akwezedwe, mufike kuchipatala, zatha mphindi zingati? Kusindikizako kawirikawiri sikudzutsa mtima pakokha, ndipo si onse amene amapulumuka. Ntchito yake ndi kupopa magazi m'malo mwa mtima kuti achipatala akafika apeze munthu woti n'kumuthandiza. Makina aja a Eriksen ife kuno tilibe, ndiye chatsala ndi manja athuwa.

Ndikudziwa zimene ena mukunena chamumtima. "Nanga ndikamuthyola nthiti?" Zimachitikadi, koma nthiti imapola. "Nanga akafera m'manja mwanga, abale ake sadzati ndine?" Mantha amenewa ndi enieni, sindikuwaseka, koma munthu amene mtima wake waima simungamuwononge kuposa mmene alili. Palinso nkhani imene timachita nayo manyazi: mtsikana akagwa, anyamata amaima patali kuopa kunenedwa kuti amugwira pachifuwa. Atsikana, n'chifukwa chake nanunso muyenera kudziwa zimenezi. Anyamata, ngati palibe wina, gwadani musindikize, zonena anthuzo tidzazimva pambuyo.

Mu Bayoloje timajambula mtima, timaloweza zipinda zake zinayi kuti tikakhoze MSCE, koma ndi angati mwa ife amene anayesapo kusindikiza ngakhale pilo? Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa chithandizo choyamba. Ndikupempha a hedi ndi mapulifekiti kuti atiitanire anthu otere, kapena achipatala chathu chapafupichi, masana amodzi a makalabu teremu ino isanathe. Oyamba kuphunzira akhale makaputeni a mpira wamiyendo ndi wamanja. Poyeserera tigwiritse ntchito thumba lodzaza nsanza, osati chifuwa cha mnzathu amene ali bwinobwino.