Kumpezera khomo galu wosatopa

M'malo osungirako agalu osowa mwini mumakhala galu wina amene alendo amamuona koyamba koma n'kumusankha pomaliza. Ndi uja wa chaka chimodzi kapena ziwiri, wathanzi, amene mukangoyandikira khola lake amalumpha mpaka pamwamba pa waya, kuuwa, kuzungulira, kulumphanso. Tiana ta agalu timatengedwa msanga chifukwa n'tokongola. Galu wofatsa naye sachedwa kupeza khomo. Koma uyu anthu amangoti, "Ameneyu ngwamisala," n'kupitirira. Akachita mwayi n'kutengedwa, si zachilendo kumuona atabwezedwa, mlandu wake uli wokumba maluwa, kung'amba zovala zoyanikidwa pachingwe ndi kupha nkhuku ya aneba.

Mwezi uno tikambe za galu ameneyu, chifukwa nkhani yake imafika pamakomo pathu pomwe. Ena mwa inu mumakatenga ziweto ku mabungwe monga LSPCA ya ku Lilongwe, imene inayamba ntchito mu 2008, kapena BSPCA ya ku Blantyre. Ambiri mulibe bungwe lotere pafupi, ndipo khomo lanu ndilo lasanduka posungira. M'bale anapita ku Joni n'kukusiyirani galu. Ana anatola kagalu pamsewu, lero kakula ndipo kakukanikani. Mwina mukusamukira ku nyumba ya lendi kumene mwini nyumba wakaniratu ziweto. Nonsenu funso lanu ndi limodzi: galuyu apite kwa ndani kuti asakathere patcheni kapena kudzala?

Mphamvuzi zimachokera kuti?

Agalu ambiri amene timawaona m'matauni makolo awo anali a ntchito. German Shepherd ndi Belgian Malinois anayamba ngati agalu oweta nkhosa ku Ulaya asanayambe kugwira ntchito ndi apolisi. Border Collie amatha tsiku lonse akukusa nkhosa m'mapiri a kumalire a England ndi Scotland. Jack Russell, ngakhale ali wochepa msinkhu, anawetedwa kuti azilondola nkhandwe mpaka kuuna kwake. Rhodesian Ridgeback, amene maonekedwe ake anagwirizana alimi ndi oweta agalu ku Bulawayo mu 1922, ndi galu wa alenje. Ngakhale galu wathu wakumudzi anazolowera kutsagana ndi mbuye wake kumunda, kudimba ndi kuuzimba, mtunda wautali tsiku ndi tsiku. Magazi a mitundu imeneyi asakanikirana m'agalu athu, ndipo chilakolako cha ntchito chinatsalabe.

Msinkhu nawo umawonjezera. Pakati pa miyezi 6 ndi 18 galu amakhala ngati mnyamata wa Fomu 2: thupi lakula, nzeru zikanali m'mbuyo. Galu wotere mukamutsekera m'kampanda popanda chochita, mphamvu zija sizitha, zimangofuna potulukira. Kukumba, kutafuna nsapato, kuuwa usiku wonse ndi kuthamangitsa njinga za kabaza ndiko potulukira pake. Akamangidwa patcheni usana ndi usiku amasanduka wamantha, ndipo galu wamantha amene alibe kothawira ndiye amaluma.

Khomo lomuyenera

Anthu ambiri akamafunira galu malo amayang'ana kutalika kwa mpanda ndi kulemera kwa mwini nyumba. Mpanda wolimba ndi wofunika ndithu, koma galu sadzithamangitsa yekha ngakhale bwalo litakula ngati la mpira. Amagona pageti kudikira munthu. Chimene mukufuna ndi munthu amene ali ndi ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse, ndi miyendo yoyendera. Angakhale mlimi amene amapita kumunda wapansi, mphunzitsi wopuma pantchito amene amayenda m'mawa uliwonse, kapena banja la ana achinyamata okonda kuthamanga. Khomo losauka koma la anthu oyenda limaposa nyumba ya matailosi imene onse amachoka 6 koloko m'mawa n'kubwera mdima utagwa.

Musaope kufunsa mafunso, ngakhale wopemphayo ali mkulu wa mpingo. Adzamuyendetsa ndani, nthawi yanji? Masana amatsala pakhomo ndani? Pali ana okwawa kapena agogo amene galu wolumphira anthu angawagwetse? Pali nkhuku, mbuzi kapena mphaka? Mwini nyumba wavomera? Mayi a pakhomopo agwirizana nazo, poti kawirikawiri mbale ya galu imathera m'manja mwawo? Galu akadwala, ndalama ya kwa vetenale idzachokera kuti? Wina akakuuzani kuti akufuna kumutsekera m'kakhola kamdima usana wonse kuti aluse, muthokozeni mwaulemu n'kukana. Galu amene amadziwa anthu ake ndipo amadya bwino amalondera pakhomo popanda kuzunzidwa.

Nenani zoona zonse

Chiyeso chachikulu cha munthu amene watopa ndi galu ndicho kumukometsera. "Ndi wofatsa, amangosewera." Mawu otere amamutulutsa galu pageti lanu lero, koma mawa amavulaza mwana wa mnzanu, ndipo galuyo amalipira ndi moyo wake. Ife amene timasunga malamulo khumi tikudziwa kuti kubisa chimene mnzathu ayenera kudziwa ndi mtundu wina wa umboni wonama. Ngati anaphapo nkhuku, nenani. Ngati amalumpha mpanda wofika m'chifuwa, nenani. Ngati analumapo munthu, nenani kuti zinachitika liti ndipo zinayamba bwanji. Nenaninso zabwino zake: amabwera akaitanidwa, sachita chimbudzi pakhonde, amakonda ana. Munthu amene wamva zonsezi n'kunenabe kuti "mubweretseni" ndiye mwini wake weniweni. Walira mvula walira matope, koma ndi bwino kuti matopewo awadziwiretu.

Mukalengeza pa WhatsApp ya mpingo kapena pa Facebook, musapereke galu kwa munthu woyamba kuyankha. Pitani mukaone khomolo ndi maso anu. Konzani kuti banjalo lidzayende naye galuyo kawiri kapena katatu asanasamuke. Kenaka gwirizanani masabata awiri oyeserera, ndipo mulonjezane kuti zikakanika galu abwerera kwa inu kapena ku bungwe limene anachokera, osaperekedwa kwa munthu wina mwamseri.

Asanachoke pakhomo

Galu asapite kukhomo latsopano asanabayidwe katemera wa chiwewe, ndipo khadi lake la katemera lipite naye limodzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo anthu 4 mwa 10 aliwonse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi matendawa ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoonekera, munthu sachira. N'chifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha: agalu 7 mwa 10 aliwonse akabayidwa m'dera, matendawa amasowa poyenda. Banja lolandira galu lidziwe kuti katemerayu amabwerezedwa monga a vetenale alangizira. Lidziwenso kuti munthu akalumidwa ndi galu aliyense, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Mupatseninso mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa. Ngati n'kotheka, wamphongo afulidwe ndipo wamkazi atsekedwe kwa vetenale. Galu wamkazi amatha kutenga bere kawiri pachaka, ndipo bere lake ndi la masiku pafupifupi 63 okha, choncho khomo limene lavomera galu mmodzi likhoza kudzuka ndi asanu ndi awiri. Kufula kumachepetsa kuyendayenda kofuna zazikazi, koma sikuchotsa kufuna kuthamanga. Musalonjeze munthu kuti galu akafulidwa afatsa.

Masabata oyamba

Galu wosamuka amasokonezeka ngati mwana wopita ku sukulu yogonera komweko. Masiku oyamba akhoza kukana chakudya, kulira usiku kapena kufuna kuthawa. Zimatenga masabata kuti azolowere ndondomeko ya pakhomo, ndi miyezi kuti adzimve kuti ndi kwawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adye nthawi yomweyomweyo, ayende nthawi yomweyomweyo ali pachingwe, ndipo akhale ndi malo ake a mthunzi ogonapo amene ana sakamusokoneza. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale galuyo aoneke wabwino chotani.

Kuthamanga kokha sikukwanira, mutu nawo umafuna ntchito. Mwazani chakudya chake m'kapinga kuti achifune ndi mphuno. Muponyereni mpira. Muphunzitseni kukhala pansi, kudikira ndi kubwera akaitanidwa, mphindi 5 kapena 10 kangapo patsiku, n'kumupatsa kausipa akachita bwino. Ndodo imamuphunzitsa kuopa dzanja la munthu basi. Mwana wa Pathfinder amene ali pakhomo angaitenge ntchitoyi ngati yake, pakuti pali ngakhale baji ya kasamalidwe ndi kaphunzitsidwe ka galu. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala muyendetseni m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, chifukwa galu amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu ndipo phula lotentha limamuwotcha mapazi. Madzi oyera asasowe m'mbale yake.

Makomo athu ambiri sadya nyama, ndipo galu wa ntchito sangakhalire mkute wa nsima wokha. Onjezerani usipa kapena bonya, dzira lophika, ndi soya wophika bwino. Samalani ndi zotsala za ndiwo: anyezi amawononga magazi a galu. Chokoleti ndi mphesa nazo ndi poizoni kwa iye, ndipo mafupa ophika amasweka n'kumubaya m'matumbo.

Galu ndi Sabata lathu

Pali funso lina limene bungwe losunga ziweto silingakufunseni koma ife tiyenera kudzifunsa. Pa Sabata ambiri timachoka m'mawa kukayamba Sukulu ya Sabata n'kubwera dzuwa litalowa. Galu wosatopa akatsala yekha tsiku lonse, mudzapeza pakhomo pali chipwirikiti. Muyendetseni mtunda wautali Lachisanu pokonzekera, mumutulutsenso pang'ono m'mamawa musanavale za kutchalitchi, ndipo wina abwerere masana kudzamuona. Ulendo wa Sabata masana wokaona chilengedwe ukhoza kukhala wa banja lonse pamodzi ndi galu. Ganizirani za msonkhano wa misasa nthawi ikadalipo: sabata yonseyo adzamudyetsa ndi kumuyendetsa ndani? Lamulo la Sabata pa Eksodo 20 limatchula ziweto pamodzi ndi ana ndi antchito, ndipo Miyambo 12:10 amayesa chilungamo cha munthu ndi mmene amasamalira chiweto chake.

Banja loyenera limapindulanso. WHO imalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, ndipo ambiri timalephera ngakhale timaphunzitsa za kulimbitsa thupi, mpweya wabwino ndi kuwala kwa dzuwa, zimene Ellen G. White anaziika pakati pa mankhwala achilengedwe m'buku lake la The Ministry of Healing la mu 1905. Munthu wa shuga kapena BP amene adokotala anamuuza kuti aziyenda, ngati miyendo yake ili yolimba, sangapeze mnzake wokhulupirika woposa galu amene amamudikira pakhomo 5 koloko m'mawa, kaya kukuzizira kaya ayi.

Khomo lotere silipezeka tsiku limodzi. Pamene mukudikira, yambani inuyo kumuyendetsa ndi kumuphunzitsa, chifukwa galu amene amayenda bwino pachingwe ndiponso amakhala pansi akauzidwa savuta kupezera malo. Ngati waluma munthu kangapo popanda chifukwa chooneka, musamupatsire wina vutolo. Kambiranani ndi a vetenale kapena alangizi a ziweto a m'dera lanu kuti akuuzeni choyenera kuchita. Chimene sitiyenera kuchita ndi kumukweza galimoto n'kukamusiya kumsika wakutali. Kumeneko amakafa ndi njala, amagundidwa pamsewu, kapena amakatenga chiwewe n'kuluma mwana wa munthu wina wopita kusukulu.