Za Pakhomo Pathu: Kugula Buluku Lokwana Mwini Wake

Abale athu a m'midzi, nyengo ya zokolola ikafika, mtedza ndi soya zitagulitsidwa, ambiri a inu mumanyamuka ulendo wa ku Lilongwe kukagulira a pabanja panu zovala. Tsono mwezi uno tafuna kucheza nanu za buluku, pakuti pa zovala zonse palibe china chonyenga maso ngati chimenechi. Malaya akakula pang'ono munthu amangovala, ndipo chitenje sichisankha mwini. Koma buluku likathina kapena likafupika, ndalama yalowa m'madzi.

Ife tidaziona ndi maso athu chaka chatha. Bambo wina wa kwathu adagulitsa mtedza wake, napita ku Old Town, nagulira mnyamata wake buluku la jinzi pa kaunjika. Wogulitsa adati, "Bambo, mwana wa zaka 15 nambala yake ndi iyi, musakayike konse." Pofika kumudzi, buluku lija lidakanirira m'ntchafu. Kubwerera nalo kudali kosatheka, pakuti ulendo wa minibasi udali wodula koposa buluku lenilenilo, ndiponso za pa kaunjika sabweza. Mnyamata uja adapita ku ukwati wa mlongo wake atavala lakale lazigamba, nakhala kumbuyo kwa anzake tsiku lonse. Atate ake nsalu adasankha yabwino ndithu. Chimene adasowa ndicho muyeso.

Choyamba mudziwe kuti nambala yolembedwa m'kati mwa buluku siinena chinthu chimodzi. Zovala za pa kaunjika zimafika m'mabelo kuchokera ku mayiko ambiri, ndipo dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. Mukaona W32 L30, ndiye kuti chiuno ndi mainchi 32, amene ali masentimita 81, ndipo mwendo, kuyezera m'kati, ndi mainchi 30. Koma buluku la msinkhu womwewo losokedwera anthu a ku Germany kapena ku Italy amalilemba 48. La amayi limene ku Britain amalilemba 12, ku America amalilemba 8. Kuwonjeza apo, mafakitale ambiri amalemba nambala yochepa pa buluku lalikulu kuti wogula akondwe podziyesa wochepa thupi, ndipo buluku lovalidwa kale mwina lidatamuka, mwina telala wa kutsidya kwa nyanja adalidula kale miyendo. Chifukwa chake nambala muiyese mlendo wokulozerani njira, amene mwina iye yemwe ndi wosokera.

Pa msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndi ku msika waukulu wa kufupi ndi msewu wa Malangalanga, mudzaona anthu akuzunguliza chiuno cha buluku m'khosi mwawo. Nsonga ziwiri zikakumana kumbuyo, amati lakwana. Nzeru imeneyi siili yachabe iai, pakuti khosi la anthu ambiri lili pafupifupi theka la chiuno chawo. Koma munthu wa mimba yaikulu imamunamiza, siinena kanthu za ntchafu kapena za kutalika, ndiponso khosi lanu silingayezere mwana amene mwamusiya kumudzi.

Njira yoposa ndi iyi, ndipo siifuna ndalama. Usiku woti mawa ulendo, tengani chingwe chosatamuka, monga cha khonje, ndipo munthu aliyense wofuna buluku mumudulire zingwe zitatu. Yambani mwamanga mfundo ku nsonga: imodzi pa chingwe choyamba, ziwiri pa chachiwiri, zitatu pa chachitatu, pakuti mukamanga mutayeza kale, chingwe chidzafupika. Choyamba chizungulire m'chiuno pamene amamangapo lamba, munthuyo ataima bwino osabweza mimba. Chachiwiri chizungulire kunsi kwa chiuno, pamene thupi lakula koposa. Chachitatu chiyeze mwendo. Ndipo pofuna kusunga ulemu, chiyezeni pa buluku lakale limene limamukwana, kuyambira pamene miyendo iwiri ikumana kufikira pansi. Zingwe za munthu mmodzi muzimange pamodzi ndi kansalu kozindikirira mwini wake.

Pofika pa msika, tsekani batani ndi zipi, yalani buluku, pindani chingwe cha m'chiuno pakati, ndi kuchiika pa chiuno cha buluku kuchokera mbali ina kufikira mbali inzake. Chitani chimodzimodzi ndi chachiwiri. Chachitatu chokha ndicho chosapinda. Wogulitsa adzakufulumizani, nati ena akulifuna. Inu musatekeseke, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukakayika pakati pa mabuluku awiri, tengani lokulirapo. Atelala okhala ndi makina awo m'makonde a masitolo a ku Old Town amachepetsa chiuno ndi kupinda miyendo inu mukudikira, koma nsalu imene palibe sangailenge. Buluku la suti kawirikawiri limakhala ndi nsalu yotsala pa msoko wakumbuyo, kotero telala angathe kulikulitsa pang'ono, tembenuzani muone. Jinzi ilibe chifundo chotero. Idayamba ngati chovala cha anthu a ntchito zolemetsa ku America, kumene m'chaka cha 1873 telala Jacob Davis ndi wamalonda Levi Strauss adalandira chikalata cha boma pa luso lawo lolimbitsa ngodya za matumba ndi timisomali ta mkuwa. Misoko yake adaipangira kulimba, ndipo siisiya nsalu yomasula. Jinzi yothina idzakhala yothina kufikira itang'ambika. Mukumbukirenso kuti jinzi yatsopano ya thonje lokhalokha imabwerera pang'ono ikachapidwa koyamba, pamene ya pa kaunjika idabwerera kale. Ndipo ija yotamuka ngati mphira imakoma poyesa, koma siichedwa kutupa m'mawondo.

Ngati buluku ndi lanu lomwe ndipo pali malo oyesera, monga m'masitolo a zovala zatsopano ku City Centre, musangoimirira n'kudziyang'ana pa kalilole. Khalani pansi, njutani, gwadani monga mumagwadira m'tchalitchi, kwezani bondo ngati mukupalasa njinga. Zala ziwiri zilowe m'chiuno mosavuta. Buluku limene lifuna lamba kuti lisagwe ndi lalikulu; limene likukanizani kuwerama lidzang'ambika tsiku lomwe muli pakati pa anthu. La pa kaunjika muliyang'anitse pa dzuwa, makamaka pakati pa miyendo ndi m'mawondo, pakuti nsalu yotha imaonetsa kuwala. Ndipo zipi muikweze ndi kuitsitsa kangapo.

Amayi ndi atsikana athunso nkhaniyi ikuwakhudza. Lamulo la kavalidwe la m'chaka cha 1973 lidaletsa akazi kuvala buluku poyera m'dziko muno, koma lidathetsedwa mu 1993. Kwa iwo chingwe chachiwiri ndicho cholamula: agule lokwana kunsi kwa chiuno, ndipo chiuno chikatsala chachikulu, telala achibweze. La ana mugule lotalikirapo, ndi kuuza telala kuti apinde miyendo osadula, kuti chaka cha mawa mudzangomasula.

Mawu otsiriza tikunena kwa abale athu ogwira ntchito m'nyumba za ku Area 3, Area 9, Area 10 ndi Area 43, amene nthawi zina mabwana awo amawapatsa mabuluku abwino akale, iwo natumiza kumudzi. Funsani zingwe za a kwanu, muzisunge m'chikwama, ndipo buluku lisanakwere basi liyambe lapita kwa telala. Mphatso yokwana imavalidwa Lamulungu lomwelo. Yosakwana imakalambira m'sutikesi, woilandira nachita manyazi kunena.

Tsalani bwino, abale. Mwezi wa mawa tidzacheza za kusoka zigamba.