MBALE YA MMPHAWI NDI MUYESO WA ULAMULIRO

Kalata kwa Akhristu onse ndi anthu onse akufuna kwabwino, pa za kukwera mitengo kwa zakudya



Mau oyamba

1. Takulemberani kalatayi chifukwa cha madandaulo amene tikumva m'miphakati ndi m'maparishi mwathu. Mabanja ambiri amene kale ankadya katatu patsiku tsopano amadya kamodzi. Nyama, mazira ndi chambo zinachoka kalekale m'mbale za anthu wamba, ndipo ngakhale bonya, nyemba ndi tomato zayamba kugulidwa mowerenga. Mayi amagula ufa wa kajumbo ndi mafuta a m'kachubu, zongokwanira tsikulo, ndipo pakutha pa mwezi amakhala atalipira zambiri kuposa wolemera amene amagula thumba lathunthu. Ife tikunena mosapsatira mau kuti vutoli gwero lake lalikulu ndi kayendetsedwe ka dziko. Silinagwe kuchokera kumwamba.

Zimene tonse taona

2. Mu Meyi 2022 ndalama yathu ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Popeza feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala a mbewu timagula kunja, mtengo wa zonsezi unakathera pa mulu wa tomato ndi pa mtolo wa mpiru. Kumayambiriro kwa 2025, m'misika ina thumba la chimanga lolemera makilogalamu 50 linkagulidwa pa mtengo woposa K90,000, yomwe inali malipiro otsikitsitsa ovomerezeka a mwezi wathunthu pa nthawiyo. Mlonda wogwira ntchito usiku wonse kwa mwezi ankalandira ndalama yosakwanira thumba limodzi. Nanga ndiwo, lendi, sopo ndi fizi azitenga kuti?

3. Chomvetsa chisoni n'chakuti mlimi nayenso sapindula. Mayi wolima tomato ku Tsangano, kapena bambo wolima mbatatesi ku Bembeke, amagulitsa motchipa nthawi yokolola poopa kuti mbewu zake zimuwolera m'manja. Alibe mosungira, msewu ndi woipa, ndipo wogula ndiye amatchula mtengo. Katundu yemweyo akafika ku Limbe kapena ku Lilongwe amakhala atakwera kangapo. Mlimi akulira, wogula akuliranso.

Tisanamizire mvula

4. Atsogoleri amakonda kuloza chala nyengo ndi nkhondo za maiko akutali. Inde, namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndipo chilala cha 2024 chinachititsa kuti maboma 23 mwa maboma 28 alengezedwe kuti agweredwa tsoka. Izi sitikukana. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma chilala m'dziko muno chakhala chikuyimba ng'oma kwa zaka zambiri, ndipo akatswiri a zanyengo amachenjezeratu. Yosefe anasunga tirigu m'zaka za dzinthu chifukwa anamvera chenjezo. Ife tili ndi nyanja yaikulu, tili ndi Shire woyenda chaka chonse, koma tikudalirabe mvula ya miyezi inayi. Nkhani ya ulimi wamthirira taimva pa misonkhano ya chisankho chilichonse.

5. Mvula sindiyo inagulitsa chimanga cha m'nkhokwe za dziko njala ya 2002 itatsala pang'ono kufika. Mvula sindiyo inaba mabiliyoni a boma pa nkhani ya Cashgate mu 2013. Mvula sindiyo inapereka K750 miliyoni ya feteleza mu 2022 ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama. M'chaka chomwecho ntchito za ADMARC zinaimitsidwa ndipo pambuyo pake antchito ake ambiri anachotsedwa, alimi n'kutsala m'manja mwa mavenda okhala ndi sikelo zobera. Taonanso shuga akusowa m'magolosale a dziko lomwe limalima nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi nthochi zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique matenda atatha minda ya ku Thyolo. Zonsezi zinachitika pansi pa maboma osiyanasiyana. N'chifukwa chake sitikulankhulira chipani chilichonse.

Chiphunzitso chathu ndi lamulo la dziko

6. Munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo za m'dziko zinalengedwera anthu onse. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda amene ankachepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kupotoza sikelo. Tchimo limenelo lilipobe. Wobisa katundu kuti asowe, wokweza mtengo wa katundu wakale atangomva kuti mafuta akwera, ndi wogwira ntchito m'boma amene amagulitsa makuponi a osauka, onsewa akudya thukuta la amphawi, ngakhale atakhala pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi.

7. Malamulo oyendetsera dziko lino, mu gawo 12, amanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo atsogoleri amangozisunga m'malo mwa eni ake. Gawo 30 limatchula chakudya pakati pa zinthu zimene boma liyenera kuonetsetsa kuti aliyense ali ndi mwai wozipeza. Choncho chakudya si mphatso yoti tiziombera m'manja pamsonkhano wa ndale. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mwana wokula ndi nsima yokha, wopanda dzira, nsomba kapena chipatso, amanyamula chilema chimenecho mpaka ku sukulu ndi ku ukulu wake. Mtengo wa ndiwo lero ukulemba tsogolo la dziko lathu.

Pempho lathu

8. Pa 16 Seputembala 2025 Amalawi anavota ndi kusintha boma, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu kunali pakamwa pa aliyense. Kwa amene ali pa udindo tikuti: muyeso umene munayesera anzanu ndi womwewo tidzakuyeserani. Tikupempha kuti chaka chilichonse mtundu uuzidwe poyera kuchuluka kwa chimanga chimene chili m'nkhokwe. Kuti misika ya ADMARC izitsegulidwa nthawi yokolola, ili ndi ndalama. Kuti ndalama zakunja zochepazo zipite ku feteleza, mafuta ndi mankhwala zisanapite ku maulendo ndi magalimoto a akuluakulu. Kuti misewu ya kumadera olima ikonzedwe. Ndi kuti onse oba chuma cha ulimi aimbidwe mlandu posayang'ana nkhope.

9. Kwa aphungu ndi makhansala tikuti: bwererani kwa amene anakusankhani, mukaime pamsika ndi kufunsa mitengo. Kwa amalonda tikuti: phindu loyenera si tchimo, koma kulemerera pa njala ya mnzako ndi tchimo.

10. Kwa inu Akhristu anzathu tikuti: mutu umodzi susenza denga. Alimi gwirizanani m'magulu kuti muzigulitsa pamodzi ndi kukana sikelo zachinyengo. Mphakati uliwonse udziwe makomo a okalamba ndi ana amasiye amene akugona ndi njala. Pamsonkhano wanu wotsatira mulembe mitengo ya ufa, nyemba, usipa, tomato ndi mafuta m'dera lanu, muitane phungu ndi khansala, muwafunse mwaulemu koma mosaopa kuti achitapo chiyani.

Mulungu amene amamva kulira kwa osauka akudalitseni ndi kudalitsa dziko lathu la Malawi.

Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi onse ndi kukambidwa m'miphakati.