Yeltsin anamanga nyumba, Putin anangolowamo

Boris Yeltsin atamwalira pa 23 Epulo 2007, aphungu a nyumba ya malamulo ku Russia anapemphedwa kuimirira ndi kukhala chete pomupatsa ulemu. A chipani cha Komyunizimu anakana, anangokhala phee pamipando yawo. Patapita masiku awiri chimwalirireni, mwambo wa maliro unachitikira m'tchalitchi chachikulu cha ku Moscow, ndipo Bill Clinton ndi George Bush wamkulu anabwera kudzakhuza. Mkangano wa pamaliropo sunathe mpaka lero. Ena amati malemuwa anali tate wa ufulu, ena amati anagulitsa dziko.

Ine mlandu wanga uli ndi gulu loyambalo, makamaka akuluakulu a kumayiko a azungu amene amatiuza kuti Yeltsin anasiya demokalase yabwinobwino, kenako Vladimir Putin anadzailanda. Limenelo ndi bodza lodzitonthoza nalo. Putin sanathyole chitseko cha munthu. Yeltsin, yemwe maphunziro ake anali a zomangamanga, anaimika yekha nyumba ya ulamuliro wa munthu mmodzi, nafolera denga, napereka makiyi.

Zake timupatse. Pa 19 Ogasiti 1991, akuluakulu a chipani, a asilikali ndi a KGB atatsekera mtsogoleri wa Soviet Union, Mikhail Gorbachev, ku Crimea kuti alande boma, Yeltsin anakwera pamwamba pa kasinja kunja kwa nyumba ya malamulo n'kuuza anthu kuti akane. Akanatha kuwomberedwa pomwepo. Ali pampando, wailesi ya kanema ya NTV inkamuseka sabata ndi sabata pogwiritsa ntchito zidole, osasiya ngakhale nkhani ya mowa wake, koma iye sanaitseke. Atsogoleri opirira chipongwe chotere ndi owerengeka.

Koma taonani zimene zinachitikira nyumba yomweyo patangotha zaka ziwiri. Chaka cha 1993, chomwe ife kuno tinavotera ndale za zipani zambiri pa riferendamu, Yeltsin anakangana ndi aphungu pa nkhani za chuma ndi za mphamvu. Pa 21 Seputembala anasaina chikalata chothetsa nyumba ya malamulo, chikhalirecho malamulo a dziko sankamulola kutero. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linamuuza kuti walakwa. Aphungu anadzitsekera m'nyumbamo, ndipo pa 4 Okutobala akasinja anaima pamlatho n'kuyamba kuiwomba mizinga mpaka zipinda zam'mwamba zinapsa, khoma loyera lija n'kuda bii. Boma lenilenilo linavomera kuti anthu oposa 140 anafa. Khoti lija analiimitsa.

Omuteteza amati aphunguwo sanali angelo, ndipo n'zoona. Otsatira a atsogoleri awo, Ruslan Khasbulatov ndi Alexander Rutskoy, anali ndi mfuti, anakaukira likulu la wailesi ya kanema ku Ostankino, ndipo pakati pawo panali anthu olakalaka nkhanza zakale. Nanga kodi mdani akaipa, malamulo amasiya kugwira ntchito? Mtsogoleri wa kuno ku Africa atawombera aphungu ake ndi akasinja, akazembe akanatulutsa zikalata zomudzudzula dzuwa lisanalowe, thandizo n'kuimitsidwa. Clinton anaima kumbali ya Yeltsin. Mu Disembala chaka chomwecho Russia inalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko, opatsa pulezidenti mphamvu zochuluka ndi kusiya aphungu ali ofooka. Malamulo amenewo ndi omwe Putin akulamulira nawo, angowasokerera apa ndi apo kuti asachoke.

Za chuma ndiye zoliritsa. Pa 2 Januwale 1992 boma, motsatira ndondomeko ya nduna ya zachuma Yegor Gaidar, linamasula mitengo ya katundu, ndipo pofika kumapeto a chaka inali itakwera maulendo oposa 25. Ndalama zimene okalamba anasunga kubanki moyo wawo wonse zinasanduka mapepala. Nzika iliyonse inapatsidwa kuponi ya ma ruble 10,000 yogulira masheya m'makampani aboma, ndipo Anatoly Chubais, yemwe ankayang'anira ntchitoyi, ananena kuti kuponi imodzi idzafanana mtengo ndi magalimoto awiri a Volga. Ambiri anaigulitsa pamsewu, ena anasinthanitsa ndi botolo la vodka. Mu 1990 mwamuna wa ku Russia ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 64. Pofika 1994 zinali zitatsika osafika 58. Munthu amene anakwirira bambo ake m'zaka zimenezo, mungamuuze chiyani za ubwino wa demokalase? Putin wakhala akudyerera mkwiyo umenewu kwa zaka zoposa 20, ndipo sanachite kuupeka.

Tsono chisankho cha 1996. Chaka chikuyamba, omukonda Yeltsin sankafika ndi 10 pa 100 aliyense, nkhondo ya ku Chechnya imene anayambitsa mu Disembala 1994 itasandutsa mzinda wa Grozny bwinja. Koma miyezi ingapo m'mbuyomo boma linali litapereka makampani akuluakulu a mafuta ndi migodi kwa eni mabanki ochepa ngati chikole cha ngongole zomwe silinabweze. Mikhail Khodorkovsky anatenga Yukos pa madola ongopitirira 300 miliyoni, Vladimir Potanin anatenga Norilsk Nickel. Anthu otere akanalola bwanji kuti Gennady Zyuganov wa Komyunizimu apambane? Anakhuthula ndalama, mawailesi a kanema, NTV yomwe, n'kumaimba nyimbo imodzi. IMF inavomereza ngongole ya madola 10 biliyoni kampeni ili mkati. Anthu awiri a kampeni ya Yeltsin anagwidwa akutuluka m'nyumba ya boma atanyamula katoni ya mapepala a fotokope yodzaza madola pafupifupi theka la miliyoni, nkhaniyo n'kufera m'mazira. Kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote kachiwiri, mtima wa Yeltsin unamugwetsa, ovota osauzidwa. Anapambana ndi mavoti 54 pa 100, azungu n'kuomba m'manja. Phunziro limene anthu a ku Kremlin anatolapo ndi lakuti chisankho chimaphikidwa.

Ngakhale kusankhidwa kwa Putin kunalibe chinsinsi. Mu 1999 mkulu wozenga milandu ya boma, Yuri Skuratov, ankafufuza za katangale wokhudza anthu oyandikana ndi pulezidenti. Wailesi ya boma inaonetsa kanema wa mwamuna ali kuchipinda ndi akazi awiri, ndipo amene anaima pamaso pa atolankhani kutsimikiza kuti mwamunayo ndi Skuratov anali mkulu wa bungwe la akazitape la FSB, Vladimir Putin. Mu Ogasiti Putin anakhala nduna yaikulu. Pa 31 Disembala 1999 Yeltsin anaonekera pa kanema, natula pansi udindo, napempha anthu kuti amukhululukire. Tsiku lomwelo Putin, atangoyamba kugwirizira udindowo, anasaina chikalata chonena kuti pulezidenti wopuma sangamangidwe, sangafunsidwe mafunso, ndipo nyumba yake singasechedwe.